Zitsekerero Zopanda Kadontho

Chaka chilichonse, teremu yomaliza ikafika pakati, Amayi a Mabuku ankatsuka zitini. Zinali zitini zakale za mkaka wa ufa, zoboola pachivundikiro, ndipo ankaziyanika pawindo la laibulale moyang'ana kubwalo. Ana akaona zitinizo zikunyezimira padzuwa ankadziwa kuti nyengo ya mphoto yafika.

Mphotoyo anaiyambitsa okha, atangofika kumene pasukulupo. Mabuku a ana amene abwera chaka chimenecho ankawandandalika patebulo lalitali, lililonse ndi chitini chake kutsogolo. Mwana aliyense ankalandira chitsekerero chimodzi cha botolo, n'kukachiponya m'chitini cha buku limene lamugwira mtima. Lamulo linali limodzi lokha: suvotera buku limene sunaliwerenge kapena kulimva likuwerengedwa. Zitsekererozo mayiwo ankazikonzera kunyumba, chilichonse n'kuchidontheza mkati kadontho ka penti wofiira wa zikhadabo. Anayamba kutero chaka china pamene anyamata a kalasi yomaliza anabwera ndi matumba a makabudula akulira ngwerengwere, atadzaza zitsekerero zotola okha. Ana onse ankakadziwa kadonthoko. Akuluakulu sankavota, choncho panalibe amene anatembenuzapo chitsekerero kuti aone.

Buku lopambana ankalimata nyenyezi ya pepala lagolide pachikuto, ndipo tsiku lotsekera sukulu Amayi a Mabuku ankaimirira pamaso pa sukulu yonse n'kuliwerenga mokweza.

Mtanda wawo unali pamenepa. Buku limene iwo alikonda silinapambanepo n'kamodzi komwe. Mayi wofatsa, woyenda ngati akuopa kudzutsa simenti, amene chaka chonse ankangokweza chala pamlomo ana n'kukhala chete, ndi yemweyo amene ankapezeka papulatifomu akulira ngati tambala wochedwa kudzuka, kapena akuuwa m'mawu anayi chifukwa ana asankha buku la agalu oimba kwaya. Ankachita zonsezo mokhulupirika, osadumpha tsamba, kenaka n'kutsika akukonza duku lawo ngati palibe chachitika.

M'chipinda cha aphunzitsi nkhaniyi inali ndiwo ya tiyi. Aphunzitsi a masamu, amenenso ankatsogolera mapemphero a m'mawa, ankati pa malamulo onse amene anaphunzitsapo, limeneli lokha ndi limene silinawachititsepo manyazi: funsa buku limene Amayi a Mabuku alikonda, ulichotse, wopambana ali m'gulu lotsalalo. Ahedi ankanamizira kuwadzudzula, kenaka n'kufunsa motsitsa mawu kuti chaka chino buku latsoka ndi liti. Mayiwo ankangomwetulira n'kuyang'ana m'kapu.

Koma chaka chimenechi chinali chomaliza. Sukulu ikatseka, iwo ankapuma pa ntchito, ndipo makiyi a laibulale ankapita kwa wina. Mumtima mwawo munali chinthu chimodzi chimene sanauze munthu: ankafuna, kamodzi kokha asanachoke, aimirire papulatifomu paja awerenge buku la kumtima kwawo ndi mawu awo enieni.

Bukulo linalipo. Linali laling'ono, la chikuto chobiriwira modera, lonena za kamtsikana kamene bambo ake ankayendetsa lole maulendo ataliatali. Madzulo aliwonse kamtsikanako kankaika nyali pawindo. M'bukumo munalibe chogwa, chothamangitsana kapena chophulika. Munali kudikira basi, ndi mayi wosita zovala, ndi phokoso la malole a anthu ena akudutsa. Amayi a Mabuku ataliwerenga koyamba anatseka chitseko cha laibulale kwa kanthawi. Bambo awo owabereka nawonso, kalekale, ankagwira ntchito ya kutali. Zimenezo sankazikamba.

Bukulo linabwera limodzi lokha. Choncho analikuta ndi pulasitiki yatsopano, nalipinda m'makona bwinobwino, naliika m'kabati ya magalasi kuseri kwa desiki yawo, litaimirira kuti lizioneka. Mwana akaliloza, iwo ankayamba amufunsa ngati wasamba m'manja. Akati wasamba, ankati aonetse. Akaonetsa, ankamufunsa ngati chikwama chake sichilowa mvula, ndiponso ngati kunyumba kuli khanda lokwawa. Pofika funso lachitatu mwanayo amakhala atatembenuka kale, akupita kukalimbirana buku la mbuzi.

Buku la mbuzi ndilo linali mdani. Linkanena za mbuzi imene inadya buluku la mphunzitsi wamkulu lili pachingwe, m'mawa wa tsiku limene kunkabwera oyendera sukulu. Ana ankaliwerenga atatu atatu, mitu itagundana, akuseka mpaka kugwa pabenchi. Ahedi akamadutsa pabwalo, ena ankalira ngati mbuzi chapansipansi.

Amuna awo a Amayi a Mabuku ankasoka nsapato pakhonde la nyumba yawo, ndipo kwa zaka zonsezi ndiwo ankasokanso misana ya mabuku a sukulu ndi ulusi womwewo wa nsapato. Khondelo ankalitcha chipatala. Tsiku lina madzulo mayiwo anatulutsa buku la mbuzi m'chikwama, chikuto chikulendewera ngati khutu, naliika pabenchi pambali pa nsapato za anthu.

"Wodwala wathu uja wabweranso," anatero bambowo. Analitembenuza, nalinunkhiza, nati likununkha ana a sukulu yonse. Anadula ulusi ndi mano, naupaka phula, kenaka osakweza maso anafunsa: "Nanga la nyali lija, mayi? Lija simutha tsiku osalitchula. Ilo silidwala?"

Mayiwo anayankha kuti limasungidwa bwino.

"Ndaona. Nsapato imene sinabwerepo pakhonde pano ndimadziwa kuti mwini wake saivala." Anabaya chikuto ndi singano. "Si inu kodi mumandiuza chaka ndi chaka kuti mukafuna kudziwa lopambana mumangoyang'ana lakuda kwambiri? Kapena zimenezo ndi za mabuku a anthu ena?"

Mayiwo analowa m'nyumba kukateleka madzi, ndipo anaima pamenepo nthawi yaitali kuposa imene madzi amafuna. Mawuwo analidi awo. Ankatha kuona buku patali n'kudziwa kuti lagona pansi pa mapilo angati. Koma lawo lomwe analitsekera m'galasi ngati chikho cha mpira. Popemphera asanagone anafuna kutchula za bukulo, koma anachita manyazi kubweretsa zitini za mkaka pamaso pa Mulungu pamene anthu ali m'zipatala zenizeni. Anangopempha kuti awachotsere kuumira, ngati kunali kuumira.

M'mawa mwake anatsegula kabati ija. Anaika bukulo patebulo lalitali limodzi ndi anzake, ndipo kamtsikana kena ka m'kalasi yachinayi katalitola, iwo analuma mlomo kuti asafunse za m'manja. Anadinda tsiku lobweza, nayang'ana kumbali pamene kankalilowetsa m'chikwama momwe munalinso botolo la madzi losatseka bwino.

Linabwera ndi chizindikiro cha kapu ya tiyi pachikuto. Ulendo wachiwiri linabwera litafufuma masamba a pakati. Ulendo wina linabwera ndi kona ya tsamba lomaliza itatafunidwa, ndipo mwana amene analibweza analumbira kuti si iye, ndi mng'ono wake amene akumera mano. Amayi a Mabuku ankalandira bala lililonse ngati lili pathupi pawo, n'kunena zikomo. Koma nthawi inali itatha kale. Buku limodzi limagona nyumba imodzi pa usiku, ndipo mbuzi inali itazungulira sukulu yonse kuyambira teremu yoyamba.

Sabata ya mavoti, ana atapita kwawo, iwo anatsala okha akutseka mawindo. Ananyamula chitini cha mbuzi: chinali cholemera ngati muli mchenga. Ananyamula cha nyali nachigwedeza pafupi ndi khutu. Munalira tinthu towerengeka. M'chikwama chawo cha m'manja munali zitsekerero zotsala, zonse za kadontho kofiira, ndipo anapezeka atazigwira kale m'dzanja asanaganize n'komwe. Anaima choncho, dzanja lili pamwamba pa chibowo. Kenaka anazibwezera m'chikwama, natseka zipi, nanong'ona kapemphero kafupi ka munthu amene wapunthwa koma sanagwe. Potembenuka anaona ahedi ali pakhomo. Ahediwo anati amangodutsa, nafunsa ngati mawindo onse akutsekeka bwino, napita.

Masiku otsatirawo anthu anawakomera mtima modabwitsa. Ahedi, amene sankalowa mulaibulale pokhapokha kukabwera alendo, anabwera kudzafuna dikishonale, nawauza kuti asavutike kudzuka, apite akamwe tiyi, aipeza okha. Aphunzitsi a masamu anabwereka kiyi nthawi yopuma, ati akufuna malo achete okonzera mayeso. Ngakhale amuna awo anakana kuti mayiwo anyamule okha mabuku osokedwa. Anawabweretsa panjinga, atavala jekete ya kutchalitchi kunja kukutentha, nawatuma kuti akawapezere madzi akumwa ku ofesi. Amayi a Mabuku anaziona zonsezi nazisunga mumtima. Anati ndi mmene anthu amatsanzikira munthu osanena kuti akutsanzika, ndipo anathokoza Mulungu chifukwa cha iwo mmodzimmodzi.

Tsiku lowerenga mavoti anakhoma chitseko monga mwa nthawi zonse. Aphunzitsi a masamu ndiwo ankawerenga, ahedi ngati mboni. Amuna awo analiponso, atabwera kudzanyamula katoni ya zinthu za mayiwo, ndipo anakhala pakona chipewa chili pabondo. Anayamba ndi zitini zopepuka. Kenaka cha mbuzi, chimene chinapanga mulu waukulu ndithu. Chomaliza chinali cha nyali.

Amayi a Mabuku anachinyamula ndi dzanja limodzi, chinakana. Anawonjezera linalo. Atachotsa chivundikiro, zitsekerero zinakhuthuka patebulo, zina n'kugubuduka mpaka pansi pa mashelefu, ndipo mulu wake unaposa wa mbuzi kutalitali. Mtima wawo unadumpha ngati wa mwana. Kwa kamphindi anakhulupirira. Anadziona ali papulatifomu, bwalo lonse lili chete, akutsegula tsamba loyamba.

Ahedi anatsokomola nati zodabwitsa zimachitika. Aphunzitsi a masamu anati ngakhale lamulo lolimba limapuma pa ntchito tsiku lina. Bambo aja pakona ankayang'ana kudenga.

Mayiwo anayang'ana milu yonse patebulopo. Sanali munthu wa masamu, koma ana a sukuluyo ankawadziwa nkhope ndi nkhope, ndipo zitsekerero zinali patebulo zikanakwana sukulu ziwiri. Anatola chimodzi pamwamba pa mulu nachitembenuza. Munalibe kadontho. Anatola china. Munalibe. Anakoka mpando nakhala pansi, navala magalasi, nayamba kutembenuza chimodzichimodzi mosafulumira, za kadontho kudzanja lamanja, zopanda kadontho kumanzere. M'chipindamo munangomveka kulira kwa tizitsuloto.

Ahedi anafunsa mwaulemu kuti akufuna chiyani mkatimo. Iwo anawaonetsa kadontho kofiira, nafotokoza za anyamata a makabudula aja. Amuna atatuwo anayang'anana koyamba, ndipo zinaoneka kuti aliyense ankaganiza kuti anali yekha.

Zopanda kadonthozo zinagawika zokha m'mitundu itatu. Panali zachikasu, za chakumwa cha jinja chimene ahedi ankamwa masana aliwonse chifukwa cha m'mimba. Panali zina zomata m'zala, zonunkha guluu wa nsapato. Mayiwo ananunkhiza chimodzi nayang'ana pakona.

"Inunso, bambo? Inu amene mumandiona ndikudontheza penti pakhonde chaka chilichonse?"

"Ndimayesa mumakongoletsa," anatero bambowo.

Mtundu wachitatu unali wochuluka kuposa yonse, ndipo unali wa mowa. Amayi a Mabuku anaukankhira pang'onopang'ono kutsogolo kwa aphunzitsi a masamu. Aphunzitsiwo anafotokoza mwachangu kuti anachita kutola kuseri kwa golosale, m'mawa, anthu akuona, ndipo aliyense akhoza kukafunsa. Ahedi anati akukhulupirira, koma akudabwa kuti munthu wophunzitsa masamu sanaganize zoti mavoti asapose chiwerengero cha ana. Aphunzitsiwo anayankha kuti iwo anawerengera bwinobwino. Chimene sanawerengere n'chakuti pasukulu pano pali akuba ena awiri.

Amayi a Mabuku anaseka mpaka anavula magalasi kuti apukute m'maso. Atatha anasonkhanitsa za kadontho zija. Zinakwana m'dzanja limodzi, osadzaza n'komwe. Anazifumbata nthawi yaitali. Chilichonse chinali mwana amene anapita nalo bukulo kunyumba, naliwerenga mpaka kumapeto, nasiya mbuzi ndi anzake onse n'kudzaponya kuno.

Ahedi anasendeza mpando nalankhula motsitsa. Anati chitseko n'chokhoma, ana saona zowerengazi, ndipo munthu amene wauwa ndi kulira ngati tambala zaka zonsezi chifukwa cha ana a eni ake ayenera kupatsidwa tsiku limodzi lake. Palibe angadandaule.

"Ana avota, ahedi," anatero mayiwo. "Yapambana ndi mbuzi." Anatenga nyenyezi yagolide naimata pachikuto chosokedwasokedwa chija, naisindikiza ndi chala chachikulu. Kenaka anafunsa atatuwo, mmodzimmodzi, ngati buku la nyali analiwerenga. Ahedi anati analiona m'kabati. Aphunzitsi a masamu anati anamva kuti ndi labwino. Amuna awo anati akhala akulimva likutchulidwa pakudya chaka chonse, ndipo zimenezo ziyenera kuwerengedwa.

"Lamulo ndi limodzi lokha pano, ndipo mwaliphwanya nonse. Mwana akavotera buku limene sanawerenge, amatsalira anzake akamapita, n'kulimva lonse. Tsiku lotsekera, tikatha za kubwalo, ndikupezeni muno."

Tsiku lotsekera linafika ndi dzuwa lake. Amayi a Mabuku anakwera papulatifomu ndi duku latsopano, natsegula buku la mbuzi, ndipo analiwerenga kuposa mmene anawerengerapo buku lililonse. Analira ngati mbuzi, anatafuna buluku ndi mawu, anayerekeza mphunzitsi wamkulu akubisala kuseri kwa chitseko oyendera sukulu akugogoda. Bwalo linagwa ndi phwete. Ahedi, atakhala kutsogolo, anagwira lamba wa buluku lawo ndi manja awiri kuti ana aone, ndipo zinatenga nthawi kuti phokoso lithe. Mayiwo anatsika akukonza duku lawo. Anali atatsanzika, ndipo anatsanzika ndi mawu a mbuzi.

Mulaibulale anapeza olakwa aja atafika kale. Mipando ya akuluakulu inali itapita kubwalo, choncho anakhala pa timipando ta ana a kalasi yoyamba, mawondo ali pafupi ndi zibwano. Aphunzitsi a masamu anafunsa ngati bukulo ndi lalitali. Anauzidwa kuti akhale chete.

Mayiwo anakhala pampando wawo wa nthawi zonse, natsegula chikuto chija cha chizindikiro cha tiyi, nayamba kuwerenga ndi mawu awo enieni, otsika, a m'nyumba. Anawerenga za kamtsikana kakupukuta galasi la nyali, za mayi wosita, za lole imene inachepetsa liwiro pamsewu kenaka n'kupitirira.

Ana ena anali asanapite, akudikira owatenga. Mmodzi anasuzumira pawindo, naona ahedi pa kampando, nathamanga kukauza anzake kuti ahedi ali pachilango. Mawindo anadzaza nkhope. Poyamba ankatsinana n'kumaseka m'manja. Kenaka kusekako kunazirala. Wina anakankha chitseko pang'ono nakhala pansi pafupi ndi khomo, wina namutsatira, mpaka pansi ponse panadzaza ana ndi zikwama zawo. Amayi a Mabuku sanakweze maso, koma ankamva kupuma kwawo.

Anafika patsamba lomaliza, pamene bambo uja wabwera, wakhala pamphepete pa bedi nsapato asanavule, ndipo kamtsikana kakumufunsa ngati nyali ija amaiona ali kutali. Yankho la bamboyo linali pakona imene khanda lija linatafuna. Mayiwo ankalidziwa pamtima, liwu ndi liwu. Koma anangoika chala pakona yotafunidwayo, ndipo chipinda chonse chinadikira.

"Anati tauni iliyonse imene wafika amayang'ana windo la nyali," kanatero kamtsikana ka m'kalasi yachinayi kaja, kali pansi pakati pa anzake, "ndipo akalipeza amadziwa kuti kumeneko kulinso mwana wodikira, ndiye amayendetsa bwino."

Amayi a Mabuku anagwedeza mutu kuvomereza, natseka buku. Ahedi anatulutsa mpango nadandaula kuti mulaibulale muno muli fumbi lambiri, adzauza wobwerayo azisesa. Aphunzitsi a masamu anayesa kudzuka, kampando kanadzuka nawo limodzi, ndipo ana anapeza poyambira kuseka. Manja angapo anali atatambasuka kale, aliyense akufuna kupita nalo bukulo ku holide, ngakhale ankadziwa kuti mabuku sagona kunja sukulu ikatseka.

Amuna awo ndiwo analitenga. Analitembenuza, napinda msana wake pang'ono, ndipo masamba awiri a pakati anasomphoka n'kulendewera.

"Ili likufunika kugonekedwa, mayi," anatero. "Lafika mochedwa, koma tiyesetsa."

Mayiwo anatsegula chikwama chawo cha m'manja, nathiramo zitsekerero zonse, za kadontho ndi zopanda kadontho pamodzi, za mowa zomwe. Anauza ana kuti amene akulifuna bukulo akalipeze pakhonde la osoka nsapato likachira, mmodzimmodzi, ndipo za kusamba m'manja sanatchule. Kenaka anapereka makiyi kwa ahedi, natuluka kutsatira njinga ya amuna awo, chikwama chikulira ngwerengwere m'mbali mwawo.